Ndagi za Kanema

Inu amene mudatsiriza sukulu ya kwacha, ndi inu amene mukali pakati pa maphunziro, senderani pafupi tikambirane. Nkhani yathu lero si ya feteleza, si ya zimbudzi, si ya ngongole ai. Lero tikamba za maseŵera.

Mwina wina ati, "Aa, maseŵera? Ife akuluakulu, imvi mbuu, tiziseŵera ngati ana?" Taimani pang'ono, bambo. Kodi bao amaseŵera ndani? Si akuluakulu omwe? Nanga ndagi ankaponya ndani pa moto madzulo? Si agogo kodi?

Ndagi mukuzidziŵa nonse. Wina amati, "Ndagi!" Onse nkuyankha, "Gize!" Kwina amati, "Chilape!" anzake nkuti, "Nachize!" Tsono woponya uja amanena mau ake ophiphiritsa: "Nyumba yanga yopanda khomo." Anthu zii, kuganiza. Kenaka kamwana kamodzi nkufuula, "Dzira!" Zikakanika, mumapereka ng'ombe, ng'ombe ya pakamwa chabe, kuti mwini ndagi aulule yankho. Umu ndimo ana ankaphunzirira kupenyetsetsa zinthu ndi kusinkhasinkha. Choko panalibe, bolodi panalibe, koma inali sukulu ndithu.

Masiku ano m'midzi yambiri pa moto pali zii. Dzuŵa likangoloŵa, ana athamangira ku vidiyo pa msika. Ena aunjikana pa foni imodzi, mitu pamodzi ngati anapiye pa madeya. Makolo timangodandaula kuti kanema waononga ana. Kudandaula tadandaula kokwanira, abale anga, ndipo kanema sadzabwerera kumene adachokera. Nanga bwanji osamtenga kanema yemweyo nkumsandutsa ndagi? Mwana akadziŵa kuti kunyumba akamufunsa, saonera ndi maso okha. Amaonera ndi mutu womwe. Ndipo inu amene muzilemba mafunsowo, dzanja lanu silidzaiŵala pensulo.

Tiyeni tiyese imodzi.

Ndagi!

"Kachipeŵa kakang'ono, nsapato zazikulu, kandodo kokhota. Pakamwa sadanene kanthu, koma dziko lonse lidamumva."

Ndani ameneyo? Akuluakulu ena mwadziŵa kale. Ndi Charlie Chaplin. Munthuyu adabadwira ku London mu 1889, m'banja losauka zedi. Pamene ankayamba ntchito yake, kanema sankalankhula. Zithunzi zinkangoyenda, ndipo mau pang'ono ankalembedwa pa chinsalu kuti oonera aŵerenge. Wosadziŵa kuŵerenga ankadalira mnzake wapambali. Kanema wamtali woyamba kumveka munthu akulankhula ndi kuimba adatuluka mu 1927. Choncho Chaplin ankalankhula ndi maso, mapeŵa ndi kayendedwe. M'kanema wake wina wa mu 1925, wotchedwa The Gold Rush, njala idamupha m'kanyumba ka kumapiri ozizira. Adaphika nsapato yake mu mphika, naidya ndi mpeni ndi foloko mwaulemu wonse, misomali yake nkumanyambita ngati mafupa a nkhuku. Munthu wodziŵa njala amaseka pamenepo, koma amaseka mtima ukuŵaŵa.

Taonani m'mene ndagi ija yapangidwira. Dzina sitidatchule. Nkhani yonse sitidafotokoze. Tangosankha zizindikiro zitatu zimene aliyense adaziona ndi maso. Pamapeto taikapo mau omveka ngati zosatheka: wosalankhula, koma womveka. Ndagi yabwino ili ngati diŵa la mbeŵa. Nyambo ikhale poyera, koma chogwira chibisike. Mukabisa zonse, palibe amene adzayandikire. Mukaulula zonse, palibe chokoma.

Nayi ina. Ndagi!

"Chidagwa kuchokera kumwamba. Si mvula, si matalala. Chitangofika, abale adayamba kumenyana."

Yankho lake ndi botolo. Amene mudaona kanema wotchedwa The Gods Must Be Crazy mwakumbuka. Dzinali likutanthauza kuti milungu yapenga. Kanemayu adatuluka mu 1980, ndipo adampanga ndi Jamie Uys wa ku South Africa. Woyendetsa ndege adataya botolo la Coca-Cola pa zenera. Lidagwera m'chipululu cha Kalahari, pakati pa anthu osaka nyama a mtundu wa San. Poyamba adalikonda kwambiri: wina kusinjira, wina kuimbira ngati chitoliro. Koma botolo linali limodzi, olifuna ambiri. Nsanje idaloŵa m'mudzi. Pamenepo bambo wina, dzina lake Xi, adanyamuka ulendo kuti akalitaye kumathero a dziko. Botolo limeneli musaliiŵale, tibwererakonso.

Ana aang'ono, ndi achikulire amene sadayambe kuŵerenga, musaŵasiye kunja. Kwa iwo kuli njira ina. Mmodzi aimirire pakati, atsanzire munthu wa m'kanema osatulutsa mau, ena alote kuti ndani. Mr Bean ana amamtsanzira bwino kuposa ife. Akatha kuseka, muŵauze kuti "chitsiru" chimenechi dzina lake lenileni ndi Rowan Atkinson, ndipo adaphunzira za magetsi mpaka ku yunivesite ya Oxford. Uchitsiru uja ndi ntchito chabe.

Mafunso alembedwe

Ndagi za makolo mayankho ake ndi odziŵika. Koma mafunso a kanema ali ndi vuto limodzi, ndilo mkangano. Wina ati, "Adafa ndi mfuti." Wina ati, "Iyai, adagwera m'madzi." Mkangano ukakula, maseŵera amathera pomwepo, anthu nkubalalika atakwiyirana. Mankhwala ake ndi kulemba. Funso lilembedwe kumaso kwa kapepala, yankho kuseri, maseŵera asanayambe. Yankho likalembedwa, woponya sangalisinthe poona kuti amene wakhoza ndi mlamu wake.

Simusoŵa kugula kanthu. Kope lakale la mwana lilipo. Katoni ya sopo ilipo. Dulani timapepala tolingana ndi chikhatho chanu, muzisunga m'chitini kuti chiswe ndi makoswe asatipeze. Sabata iliyonse onjezanipo mafunso asanu. Pofika nthaŵi yokolola, chitini chadzaza.

Ndikunena izi chifukwa khasu losalimira limachita dzimbiri. Alipo anzathu amene adalandira satifiketi, tidaŵavinira, tidalulutira. Patapita zaka ziŵiri kapena zitatu, tidaŵapeza akudindanso ndi chala pa pepala la ngongole. Nzeru sizidaŵathere ai. Adangosoŵa cholemba. Kalata salemba tsiku ndi tsiku, fomu ya ku banki sabwera sabata iliyonse. Koma funso la kanema mungalembe usiku uno womwe, ndipo pali anthu amene akudikira kulimva.

Nanga mayankho oona muŵapeza kuti? Ambiri ali pa kanema pomwepo. Kanema aliyense ali ndi maina olembedwa poyamba ndi potsiriza. Nkhani ikangotha, anthu amadzuka nkumapita, maina akukwera okha pa galasi. Inu khalani kaye pansi, muŵerenge. Akathamanga kwambiri, pemphani mwini vidiyo kapena mwini foni aimike pang'ono. Pamenepo mudzazindikira kuti munthu wa m'kanema ali ndi maina aŵiri: la m'nkhani, ndi limene adampatsa amake.

Anyamata onse amadziŵa Rambo. Koma Rambo ndi dzina la m'nkhani. Mwini thupi ndi Sylvester Stallone, ndipo kanema woyamba wa Rambo adatuluka mu 1982. Winanso timangomutcha Commando. Limenelo ndi dzina la kanema wa mu 1985. M'nkhanimo amatchedwa John Matrix. Dzina lake lenileni ndi Arnold Schwarzenegger, dzina lovuta ngati kutafuna mwala. Adabadwira ku Austria, ndipo kuyambira 2003 mpaka 2011 anali bwanamkubwa wa dera la California ku America. Mukalilemba dzinali osalakwitsa, mudziombere m'manja nokha.

Kwathu kuno ndi chimodzimodzi. Izeki anali John Nyanga, Jakobo anali Eric Mabedi. Onse aŵiri adatisiya, koma maseŵero ao akalipo. Manganya wa mu Tikuferanji ndi a Michael Usi, amene mu June 2024 adalumbira kukhala wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko, nakhala pa udindowo mpaka mu 2025. Funso limenelo ngakhale agogo angakhoze.

Musaone ngati za maina aŵiri nzachabe. Mwana wamng'ono amakhulupirira zimene waona. Akadziŵa kuti amene adafa m'kanema uyu ali moyo m'kanema winayo, amayamba kufunsa. Pamenepo mumuuze kuti magazi aja ndi utoto. Mumuuze kuti wolumpha pa denga uja adammanga zingwe, pansi adayala zofeŵa, ndipo kaŵirikaŵiri wolumphayo ndi munthu wina amene adaphunzira ntchito imeneyo. Kuli bwino adziŵire pa mphasa kusiyana ndi kukadziŵira ku chipatala, mwendo uli m'chikhakha.

Chenjeraninso ndi akanema omasuliridwa m'Chicheŵa. Anyamata omasulira aja ndi aluso, amatiseketsa, ndipo amathandiza osamva Chingerezi. Koma amathiramo zao. Munthu wa ku China amampatsa dzina la kwathu, mzinda wa kutali nkuutcha Ndirande. Choncho poponya funso nenani poyera: "Ili ndi la womasulira," kapena, "Ili ndi la zolembedwa." Mukatero simudzakangana.

Mafunso a pamtunda ndi mafunso ozama

Mafunso ena ndi a pamtunda. Galu uja dzina lake ndani? Adavala malaya otani? Wailesi ya kanema idayamba chaka chiti kuno ku Malaŵi? Yankho la lotsirizali ndi 1999, pamene wailesi ya mau ya MBC idayamba kale mu 1964. Mafunso otere ndi abwino poyambira. Ali ngati madzi a m'mbali mwa mtsinje, mwana aliyense angapondemo.

Koma mukazoloŵera, loŵani pakati. Funsani kuti, "Chifukwa chiyani adatero?" Funsani kuti, "Mukadakhala inu mukadatani?" Makamaka funsani kuti, "Kodi zimenezi nzoona?"

Tibwerere ku botolo lija. Amene adaseŵera ngati Xi anali munthu wa ku Namibia, dzina lake limalembedwa N!xau. Chizindikiro chili pakaticho si kulakwa kwa osindikiza ai. Chikuimira kulira kwa lilime kumene kuli m'chinenero chao. Limenelo ndi funso la pamtunda. Lozama nali: kodi nzoona kuti mu 1980 anthu a ku Kalahari anali asanaonepo botolo? Odziŵa za moyo wa anthuŵa adatsutsa. Adati kanemayu adaŵaonetsa ngati ana osadziŵa kanthu, pamene ambiri anali atalandidwa kale malo ao osakako, ena akugwira ntchito m'mafamu a eni ake. Tidaseka tonse, inde. Koma nkoyenera kudzifunsa kuti tinkaseka yani.

Tsono tibwere kwathu. Mu 2019 kudatuluka kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, ndiye kuti mnyamata amene adakoleka mphepo m'goli. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene adabadwa mu 1987. Njala ya 2001 mpaka 2002 ambiri a inu mudaiona. Mukukumbuka madeya kusanduka chakudya cha anthu. Nthaŵi imeneyo William adachoka ku sekondale chifukwa makolo adalephera fizi. Sadakhale pakhomo manja lende. Ankapita ku kanyumba ka mabuku pa sukulu ya pulaimale ya kwao. Kumeneko adapeza buku lotchedwa Using Energy, pachikuto pali chithunzi cha makina a mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, monga chimativutira ambirife. Tsono ankayang'ana chithunzi, nkufunafuna mau ofotokoza chithunzicho, pang'onopang'ono mpaka kumva. Adatola zitsulo kudzala. Adatenga njinga yakufa ya bambo ake, chopemerera cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi dainamo ya njinga. Zonsezi adazikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga.

Mafunso a pamtunda alipo ambiri m'kanemayu. Galu wa William ndi Khamba. Amene adaseŵera ngati William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Mlongo wake Annie adaseŵera ndi Lily Banda wa konkuno. Bambo ake adaseŵera ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, yemwenso adatsogolera ntchito yojambula. Adachita kuphunzira Chicheŵa chifukwa cha kanema ameneyu. Chicheŵa chakecho mudachimva nokha. Tiseke pang'ono, koma munthu adayesetsa.

Funso lozama nali: kodi makina oyamba a William adagwira ntchito yanji? Amene adangoona kanema ayankha kuti adapopa madzi pa chitsime, anthu nkudzala m'chilimwe, mudzi nkupulumuka ku njala. M'kanema zili choncho. Koma zimene zidachitika nzakuti makina oyambawo adayatsa babu. Pambuyo pake adayatsa nyale za m'nyumba ndi kuliza wailesi, ndipo anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni. Zopopa madzi zidadza patapita zaka, mbiri yake itamveka m'nyuzipepala mu 2006, ndiponso atakalankhula ku msonkhano wina ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu 2007. Kumeneko ndiko adapeza anthu omthandiza.

Nanga opanga kanema adasinthiranji? Apa mpokambirana usiku wonse. Ine ndiganiza kuti adaona kuti nkhani ya zaka zambiri siingakwane m'maola aŵiri. Ndiponso madzi othetsa njala amakhudza mtima kuposa babu limodzi. Adangolumikiza nsalu ziŵiri kukhala chitenje chimodzi. Wina ati limenelo ndi bodza. Wina ati ndi luso. Kanganani mwaulemu, ndiko kukoma kwake. Koma kodi ife tadziŵa bwanji zimene zidachitika? Tadziŵa chifukwa William mwiniwake adalemba buku pamodzi ndi Bryan Mealer mu 2009. Woona kanema yekha ali ndi yankho limodzi. Woŵerenga ali ndi aŵiri.

Mpikisano wa mamiliyoni

Maseŵera a mafunsoŵa si a kumudzi okha. Ku maiko ena ndi mpikisano waukulu wa pa wailesi ya kanema. Wotchuka kwambiri udayambira ku Britain mu 1998, dzina lake Who Wants to Be a Millionaire, kufunsa kuti ndani afuna kulemera. Munthu ankakhala pa mpando pakati pa gulu. Ankafunsidwa mafunso 15, kuyambira apafupi kunka ku ovuta. Funso lililonse lili ndi mayankho anai, loona limodzi. Wokhoza onse ankalandira mapaundi 1 miliyoni. Zikamuvuta anali ndi thandizo la mitundu itatu: kuchotsa mayankho aŵiri olakwa, kuimbira foni mnzake, kapena kufunsa gulu lonse. Thandizo lililonse linali la kamodzi basi. Mpikisanowu udafalikira ku South Africa, ku Kenya, ku Nigeria, ku India ndi ku maiko ena ambiri.

Njira imeneyi tingabwereke. Mayankho anai amathandiza munthu wamanyazi, pakuti sayamba ndi mutu wopanda kanthu. Amathandizanso wolemba, chifukwa m'malo mwa yankho limodzi alemba anai. Foni siifunika. "Kuimbira mnzako" kukhale kufunsa munthu mmodzi wa pa mphasa pomwepo.

Koma pamene pali ndalama zambiri, chinyengo sichichedwa. Mu September 2001 msilikali wina wa udindo, Charles Ingram, adakhoza mafunso onse 15. Eni mpikisano adakaika. Atamvetseranso mau amene adajambula, adapeza kuti Ingram ankatchula mokweza mayankho onse anai, ndipo akafika pa loona, munthu wina m'gulumo ankatsokomola. Ndalama sadampatse. Mu 2003 bwalo la milandu lidapeza kuti iye, mkazi wake ndi wotsokomolayo ndi olakwa, ngakhale iwo adakana mlanduwo. Choncho kwanuko, wa chifuwa akhale patali ndi mbale wake!

Mpikisano womwewu udabala kanema wina amene ndifuna mumudziŵe, Slumdog Millionaire, wa mu 2008. Ndi nkhani yopeka, koma ili ndi mnofu. Mnyamata wina, Jamal, adakulira m'zisakasa za mu mzinda wa Mumbai ku India. Ndi wamasiye, sukulu adangolaŵa, ntchito yake ndi yoperekera tiyi mu ofesi. Adaloŵa mpikisano, nayamba kukhoza funso ndi funso. Apolisi adamgwira, namzunza. Adati, "Madokotala ndi maloya amalephera, iwe wa tiyi ungadziŵe bwanji? Ukubera." Tsono Jamal adayamba kufotokoza m'mene adadziŵira yankho lililonse.

Funso loyamba linali la kanema: ndani adali katswiri m'kanema wina wa ku India wa mu 1973? Yankho ndi Amitabh Bachchan. Jamal adalidziŵa chifukwa ali mwana, katswiriyo adafika kwao pa ndege. Tsiku limenelo mkulu wake adamtsekera m'chimbudzi. Pofunitsitsa kuti katswiriyo amsainire pa chithunzi, mwanayo adatsina mphuno, nalumphira m'dzenje, natulukira kunsi. Khamu lonse lidampatukira lokha chifukwa cha fungo! Dzina lopeza movutikira chotere munthu angaliiŵale? Ndinene pambali kuti Amitabh Bachchan yemweyo ndiye adayamba kufunsa mafunso pa mpikisano weniweni wa ku India mu 2000. Funso lina linali la nkhope imene ili pa ndalama ya madola 100 a ku America. Jamal adauzidwa dzinalo, Benjamin Franklin, ndi mnzake wakhungu wopemphapempha. Yankho lililonse linali ndi chipsera chake.

Amai ndi abambo, nkhani imeneyi ndi yathu. Kangati anthu adakuyesani osadziŵa kanthu chifukwa simudapite patali ndi sukulu? Chonsecho inu mumadziŵa mtambo wa mvula ndi mtambo wonama. Mumadziŵa mbeu yoyenera dothi lanu. Mumakumbuka mitengo ya zinthu ya zaka makumi aŵiri zapitazo. Zimenezo ndi nzeru, ndipo poponya mafunso muziziika.

Koma tamvani za funso lotsiriza. Lidachokera m'buku, The Three Musketeers, la Alexandre Dumas wa ku France. M'bukumo muli asilikali atatu apaubwenzi. Jamal adamva maina aŵiri ali ku sukulu, Athos ndi Porthos. Lachitatu sadalimve, pakuti sukulu idamthera panjira. Apa moyo sudamthandize. Adaimba foni, wa pa foniyo osadziŵanso. Adangolota kuti Aramis, nkukhoza, nkulandira marupi 20 miliyoni. M'kanema mwai umagwa pamene wolemba nkhani wafuna. Pa fomu ya ngongole kapena pa botolo la mankhwala a thonje, munthu salota.

Kaseŵeredwe kake

Chinthu chimodzi ndikaniretu: ndalama. Musabetcherane, ngakhale kakobiri. Ndalama ikangoloŵa, maseŵera asanduka juga, ndipo wotsokomola uja afika. Ŵerengerani ndi nyemba kapena timiyala. Wokhoza funso la pamtunda alandire nyemba imodzi, wa lozama ziŵiri. Chenjeraninso ndi mafunso ena obwera pa foni, olonjeza galimoto kapena ndalama. Funso amalifeŵetsa dala kuti muyankhe, ndipo uthenga uliwonse umadya mayunitsi anu. Musanayankhe, ŵerengani timalemba ting'onoting'ono tonena za mtengo. Timalemba timeneto nditu mudapitira ku sukulu ya kwacha.

Sankhani tsiku limodzi pa sabata, monga Loŵeruka madzulo. Yambani nsima itadyedwa, mbale zitatsukidwa, kuti amai ndi atsikana akhale nao kuyambira funso loyamba. Gaŵanani magulu aŵiri. Musaike achinyamata onse mbali imodzi, chifukwa adzakugonjetsani mpaka mudzanyanyala. Sakanizani agogo ndi adzukulu. M'chitini muja mukhalenso mafunso a maseŵero a pa wailesi ya mau, a Kapalepale ndi Pamajiga, ndi a kanema wa zaulimi amene galimoto za boma zinkaonetsa pa bwalo la sukulu. Pamenepo adzukulu adzakhala kukamwa yasa, agogo akutola nyemba.

Kuŵerenga funso kukhale kosinthana, lero uyu, kenaka uyo. Wina akamaŵerenga mwachibwibwi, mlekeni afike yekha. Osamulanda pepala, osamseka. Mwana wa sukulu akapeza kuti mwaphonya lemba, akonze mwaulemu, inu mulembenso bwino.

Ana nawonso azilemba mafunso ao. Apa mpamene mudzadziŵire zimene amaona ku vidiyo kuja, popanda kufunsa ndi mkwapulo. Mwana akabwera ndi mafunso asanu, ndiye kuti adaona nkhani yoti angaikambe pamaso pa amake. Koma akamangoyang'ana pansi, osatha kutchula ngakhale dzina la kanemayo, dziŵani kuti kumeneko kuli zina. Pitani mukaone nokha, ndipo ngati nkofunika mukambirane ndi mwini vidiyo pamodzi ndi a mfumu.

Tsopano nazi ndagi zinai zoti muyambire m'chitini chanu. Zikopereni pa timapepala ndi dzanja lanu.

Ndagi! "Adasoŵa fizi, naŵerenga zithunzi, mphepo nkumuyatsira nyale."

Ndagi! "Chifuwa cha mnzake chidamlemeretsa usiku, nkumsaukitsa kutacha."

Ndagi! "Njira ya kwa mfumu idatsekeka, iye adadzera m'dzenje."

Ndagi! "Maina atatu, thupi limodzi. Adayamba ndi mfuti yabodza, natsiriza ndi mpando weniweni."

Mayankho sindikupatsani. Onse ali m'masamba amene mwaŵerengaŵa. Zikakanika, bwererani m'mbuyo muŵerengenso pang'onopang'ono. Zikakanikabe, kaonaneni ndi aphunzitsi anu, koma mutenge ng'ombe.